Nyimbo Imakoma Ikakambidwa

Masiku ano nyimbo zaculuka m'midzi koposa kale lonse. Mnyamata wopita kudimba ali ndi foni m'thumba, ndipo m'kakhadi kake, kocepa ngati cikhadabo, muli nyimbo mazana-mazana. Pa msika wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Petauke munthu alipira ndalama zocepa, ndipo amuikira nyimbo zokwanira kumvera mwezi wathunthu. Codabwitsa ncakuti pamene nyimbo ziri kuculuka, anthu okambirana za nyimbozo ali kucepa. Yense abvala tizingwe take m'makutu nagwedeza mutu yekha, mnzake ali pambali osadziwa cimene ciri kumseketsa kapena kumliza.

Nkhani imeneyi si yaing'ono ai. Kwa Acewa, Ansenga, Angoni, Akunda ndi Atumbuka nyimbo inali njira yodziwirana mitima, ndipo ubwenzi wambiri unayambira pa nyimbo. Cotero ndi bwino kuti mabwenzi ndi acinansi ayambenso kukhala pansi pamodzi ndi kumvera nyimbo mwa pangano. Asankhe mutu umodzi, yense abwere ndi nyimbo yake yonena za mutu umenewo, aimvere onse, ndipo itatha aikambirane. Mwambo wotere sufuna ndalama kapena cilolezo ca Boma. Mphasa ndi nthawi yamadzulo zikwanira.

Kacitidwe kake nkosabvuta. Anthu asanu kapena asanu ndi atatu apangana kuti Loweruka likudzalo adzakomana pa khonde la mmodzi wa iwo, ndi kuti mutu udzakhala ulendo, kapena mvula, kapena ukwati. Mlungu wonse yense afuna-funa nyimbo yoyenera. Wina aipeza m'foni, wina akumbukira imene anamva pa wailesi, wina apita kukafunsa agogo ake. Pa tsikulo amene ali ndi foni aliza nyimbo yake, amene alibe aimba ndi pakamwa, anzake nabvomera. Pambuyo pake mwini nyimbo anena cifukwa cimene waisankhira, ndipo enawo afunsa, atsutsa kapena kuonjezapo. Asanabalalike apangana mutu wa mlungu wamawa ndi khonde lina lokakomanapo, kuti mtolo wolandira alendo usalemere nyumba imodzi.

Ena angafunse kuti, kodi mutu ndi wa ciani, popeza nyimbo iriyonse imakoma? Yankho lake ndi lakuti popanda mutu, kumvera kumasanduka mpikisano wa amene ali ndi foni yolira kwambiri. Nyimbo ya cikondi itsatana ndi ya maliro, ya maliro itsatana ndi ya mowa, ndipo palibe imene ikhazikika mumtima. Mutu ukakhalapo, munthu akakamizidwa kuganiza. Mwa nyimbo zonse zimene adziwa ayenera kutenga imodzi yokha, ndipo kusankha kumeneko kumaulula za iye mwini. Mwamuna wosalankhula-lankhula, amene anzake amuyesa wouma mtima, akasankha nyimbo ya mwana wamasiye, anzakewo adziwa kanthu kamene zaka khumi za kulima moyandikana sizinawauze.

Zinthu zambiri zimabvuta kuzinena ndi mau wamba. Ngongole, kusabala, mwana amene anapita ku tauni osatumizanso mau, mantha a matenda, zonsezi munthu sangoziyamba pa gulu. Koma nyimbo ikatsegula khomo, iye angathe kunena za munthu wa m'nyimboyo, anzake nkumva kuti ali kunena za iye mwini, osamcititsa manyazi. Akale anati mnzako akapsa ndebvu mzimire. Koma moto wa mumtima suoneka ndi maso, ndipo kawiri-kawiri nyimbo ndiyo imaonetsa utsi wake.

Makolo anadziwa zimenezi. Nyimbo zao zinali ndi mitu ndi malo ake: za pamtondo, za kumunda, za kuuzimba, za cinamwali, za pamaliro, za pamowa, za kutonthoza mwana. Ndiponso zambiri zinapangidwa mwakuti munthu mmodzi sangaziimbe yekha, cifukwa pafunika woyambitsa ndi obvomera. Akazi awiri kapena atatu posinja cimanga anali kuimba za mwamuna waulesi, za apongozi obvuta, za mkazi mnzao wa pamitala. Mudzi wonse unali kumva, wolakwa nadzimva yekha, ndipo osinjawo anali kucoka pamtondo atapepukidwa mtima. Lero cigayo cacepetsa nchito ya akazi, ndipo cimeneco ndi cinthu coyamika. Koma pacigayo pali phokoso losalola nyimbo, motero bwalo lija la akazi liri kutha popanda lina lolowa m'malo mwake.

Ngakhale wailesi itafika, kumvera kunali kwa gulu. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mau mu 1941, nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mu 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yochedwa Saucepan Special, yooneka ngati poto, yoyendera batire, imene inali kugulidwa mapaundi 5. Mudzi ukakhala ndi wailesi imodzi, anthu anali kusonkhana pa nyumba ya mwini wake madzulo. Pulogramu imene inachuka kwambiri inali Zimene Mwatifunsa, mmene omvera anali kulemba makalata opempha nyimbo yoti iimbidwire mbale kapena bwenzi la kutali. Munthu wa ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, anali kusankha nyimbo yonena zimene ziri mumtima mwake, mnzake wa ku Migodi nkuimva nthawi yomweyo.

Mmodzi wa amene anakometsa wailesi imeneyo anali Alick Nkhata, woimba ndiponso muulutsi, amene anabadwa mu 1922 nafa mu October 1978 pamene asilikari a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Iye anali kutenga nyimbo za m'midzi ndi kuziimba ndi gitala, ndipo nyimbo zake zinali kunena za moyo wa m'tauni, za maukwati ndi za makhalidwe atsopano, kotero kuti zitatha anthu anali ndi cokambirana. Pambuyo pa ufulu wa 1964 alimi anali kukhala m'magulu omvera pulogramu ya zaulimi, ndipo itatha anali kukambirana ndi kulemba mafunso ao. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. Kenneth Kaunda, analamula kuti pafupi-fupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour a ku Ndola anatulutsa malekodi ambiri a oimba a kuno. Mbadwo umenewo unakula uli kudziwa nyimbo zofanana, cifukwa unazimvera pamodzi.

Phindu la mutu lioneka bwino potenga citsanzo ca ulendo wa kunchito, nkhani imene yakhudza pafupi-fupi banja lirilonse la Kum'mawa. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, atsamunda anaika msonkho wa nyumba, ndipo amuna anayamba kuyenda pansi kukafuna ndalama ku mafamu ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, ku Wankie, ku Salisbury kumene anthu anali kuti ku Halale, mpaka ku Johannesburg. Pambuyo pake migodi ya mkuwa itatseguka ku Luanshya, ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga, ambiri analoza kumeneko. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwerenso, ndipo anachedwa machona.

Mabwenzi akasankha mutu umenewu, mmodzi angabwere ndi nyimbo ya malemu Nashil Pichen Kazembe yochedwa A Phiri Anabwera, yonena za munthu amene anakhalitsa kutali nabwerera kumudzi cimanjamanja. Mai wacikulire angaimbe ya pamtondo imene amai ake anali kuimba podandaula za mwamuna wosatumiza ngakhale nsalu. Nkhalamba ya ku Petauke ingatulutse kalimba, kamene anyamata a Cinsenga anali kuliza poyenda maulendo. Mtsikana angalize ya masiku ano, yonena za wacinyamata wobvutika mu Lusaka kapena wofuna nchito ku migodi ya ku Solwezi. Pamenepo mibadwo itatu yanena nkhani imodzi, uliwonse ndi mau ake.

Nyimbo zikatha, mafunso abuka okha. Kodi wolakwa ndani, mchona amene anaiwala kwao, kapena abale amene anali kungomdikira ndi manja otambasula? Kodi wobwera cimanjamanja alandiridwe motani? Nanga mkazi wosiyidwa adikire zaka zingati? Mnyamata amene ali kukonza zopita ku tauni amva mayankho a akulu popanda kudzudzulidwa, ndipo akuluwo amva kwa iye cifukwa cake munda wa makolo sumkwanira, za mtengo wa fetereza ndi za kucepa kwa phindu la cimanga. Kukambirana kotere sikucitika kawiri-kawiri pakati pa agogo ndi mdzukulu wao, koma nyimbo iwakhazika pa mphasa imodzi.

Sikuti onse adzagwirizana. Wina adzati nyimboyo iri kuseka mchona, wina adzati iri kumlirira, ndipo yense adzachula mau a m'nyimbo momwemo kuti acirikize maganizo ake. Kutsutsana kotere sikuononga ubwenzi, pakuti amene ali kuzengedwa mlandu ndi munthu wa m'nyimbo, amene sangakwiye. Anthu amene aphunzira kutsutsana mwaulemu pa nkhani ya nyimbo sacedwa kumvana pa nkhani ya malire a munda kapena ya mbuzi imene yadya mbeu za mnzao.

Mutu wa mvula ndi njala nawonso uli ndi zambiri. Amene anaona cilala ca 1992 akali moyo, ndipo cilala ca 2024, cimene Boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka comweco, cikali m'maganizo a anthu. Pali nyimbo zimene makolo anali kuimba pa kacisi popempha mvula, pali za m'chalichi, pali za pa wailesi. Anthu akazimvera motsatana, posacedwa nkhani ifika pa mapira, cinangwa ndi kandolo, zimene zinali kupulumutsa mabanja cimanga cikapsa ndi dzuwa, ndiponso pa amene akali kusunga mbeu zoterezi m'mudzimo. Ubwenzi woyambira pa nyimbo ungathere pa kugawana mbeu.

Phindu lina ndi la cinenero. Angoni anaoloka Zambezi mu November 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo lero Angoni a Mpezeni alankhula Cinsenga ndi Cicewa. Cinenero ca makolo ao catsala makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'mau otamanda mafumu, monga zimamveka pa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa February. Acinyamata ambiri aziimba osadziwa tanthauzo lake. Pa gulu la mabwenzi pamapezeka mpata wofunsa liu limodzi-limodzi kwa wamkulu amene alidziwa, pakuti safunsa anadya phula. Cimodzi-modzi, mphunzitsi kapena namwino wa Cibemba wotumizidwa ku nchito ku Chadiza kapena ku Lundazi akaitanidwa, adzamasulira nyimbo za malemu P. K. Chishala, anzake nammasulira za malemu Paul Ngozi, ndipo cimbuya cidzakometsa zonse ndi nthabwala zake. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Ndiponso pa bwalo la nyimbo palibe wotsalira cifukwa ca sukulu kapena cuma. Wosadziwa kuwerenga angathe kuposa wophunzira, ndipo mai wamasiye amene akhala yekha kumapeto kwa mudzi angapezeke kuti ndiye adziwa nyimbo zimene onse anaiwala. P. K. Chishala yemweyo anali wosaona, koma dziko lonse linali kuchera khutu akaimba. Nkhalamba imene yazolowera kuyesedwa mtolo, ikafunsidwa nyimbo ndi tanthauzo lake, ibwezeredwa ulemu umene inali nao kale.

Alipo amene adzati uku nkutaya nthawi, ndi kuti mlimi ali ndi zambiri zocita. Nzoona kuti nthawi ya dzinja, pamene udzu uli kupikisana ndi cimanga, palibe amene ayenera kusiya khasu cifukwa ca nyimbo. Koma kuyambira June kufikira October, zokolola ziri m'nkhokwe, madzulo ambiri amathera pa mowa, pa juga kapena pa misece. Maora awiri pa mlungu operekedwa kwa mabwenzi sasaukitsa munthu. Ndipo anthu ozolowera kumverana ndiwo amathandizana msanga pa maliro, pa matenda ndi pa kufolera nyumba, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Komabe pali malire oyenera kusungidwa. Nyimbo za kudambwe ndi za m'nyumba ya cinamwali ziri ndi eni ake. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu onse, ali ndi zoonetsa pabwalo, monga pa Kulamba ku Mkaika, ndipo ali ndi zobisika. Zobisikazo zisajambulidwe m'foni kapena kuimbidwa pa khonde. Wosankha nyimbo ayambe waona amene akhala pa mphasa, pakuti ziripo nyimbo zimene mkamwini sangamvere pamodzi ndi apongozi ake. Nyimbo isasanduke mkondo wolasira munthu amene woimbayo ali naye cifukwa. Wa chalichi asanyoze ya makolo, ndipo wosunga za makolo asanyoze ya chalichi. Mitu ya ndale, imene imagawanitsa abale nthawi ya masankho, ndi bwino kuisiya kufikira gulu litakhwima. Akazi ndi acinyamata apatsidwe mpata wofanana wa kusankha mutu, cifukwa bwalo la amuna okha lidzamva theka cabe la nyimbo za mudzi.

Cinthu cotsiriza ndi kusunga. Hugh Tracey, amene Alick Nkhata anagwirapo naye nchito, anayenda m'maiko ano m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 kujambula nyimbo za Acewa, Ansenga, Angoni ndi mitundu ina, ndipo mu 1954 anakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbozo, International Library of African Music, imene lero iri pa Rhodes University ku South Africa. Nchito imeneyo inapulumutsa zambiri, koma nyimbozo ziri kutali ndi midzi imene zinacokera. Lero makina amene Tracey anali kunyamula pa galimoto alowa m'thumba la malaya. Gulu lirilonse lingathe kujambula nkhalamba ya m'mudzi mwake, itabvomera yokha, ndi kulemba m'kope dzina la woimba, mudzi, caka ndi tanthauzo la nyimbo. Komabe kusunga kweni-kweni ndi kuphunzira. Foni imatayika ndipo khadi limaonongeka, koma nyimbo imene anthu asanu aiphunzira ndi kuikambirana yapeza nkhokwe zisanu.

Nyumba za wailesi zingathandize kwambiri pa nchito imeneyi. ZNBC Radio 1 iulutsa m'Cinyanja, ku Chipata kuli Breeze FM ndi Radio Maria, ndipo ku Lundazi kuli Chikaya. Zikamalengeza mutu wa mlungu ndi kupempha omvera kuti atumize nyimbo pamodzi ndi cifukwa cake, osati moni wokha, mzimu wa Zimene Mwatifunsa udzaukanso. Aphunzitsi a Cinyanja angatume ana kukafunsa nyimbo kwa agogo ao pa mutu umodzi ndi kudzazifanizira m'kalasi. Anyakwawa nao angapereke bwalo ndi kulimbikitsa acinyamata, m'malo mongodandaula kuti ana a masiku ano sadziwa mwambo. Mwana sangadziwe nyimbo imene palibe anamuimbira.

Koma ciyambi ciri m'manja mwa mabwenzi eni ake, ndipo safunika kudikira wailesi, mphunzitsi kapena mfumu. Nkhanga zinapangana kusanace. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, mwezi uli kuwala, apangane tsiku, asankhe mutu, aitane ndi nkhalamba imodzi, foni aiike pakati pa mphasa kuti imveke kwa onse. Kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu.